Chizungu Chimodzi cha Anthu Awiri

Bwerani kuno nonse awiri. Iwe Rudo, foniyo iike m'thumba, sithawa. Fatsani, leka kuthamangitsa nkhukuyo, ilibe nawe mlandu. Khalani apa pamkeka.

Musandifunse chifukwa chake ndakhalira sutikesi ya asekulu anu, agogo anu aamunawa, pamene mpando ulipo. Ndakhalira dala. Bambo anu apita ku Mvurwi kukafuna galimoto. Akuti lero lomwe awatenga asekulu anu kupita nawo ku Harare, kufupi ndi chipatala, ine nditsale pano kulondera nyumba. Akuti tikachoka tonse, mwini pulazi aikamo anthu ena dzuwa lisanalowe, ndipo pamenepo sakunama. Koma sutikesi iyi sichoka pansi panga mpaka nditamaliza kukuuzani zimene zili kumtima kwanga.

M'mawa uja, bambo anu akupinda malaya, asekulu anu analankhula Chizungu ali pampando pawo paja, inu n'kuseka mpaka kugwirana. Ndinakuonani. Sindikukukalipirani ayi. Ineyo ndaseka Chizungu cha bambo ameneyu kuyambira ndili namwali mpaka mano kutha m'kamwa. Koma munthu aziseka akudziwa chimene akuseka.

Dzulo iwe Rudo umawerenga mokweza buku lako la kusukulu, lija likuti mawu a Chizungu ali mitundu iwiri. Ena ndi onyamula katundu, monga mayina a zinthu ndi a ntchito. Ena ndi timawu tongolumikiza anzawo, topanda kanthu m'mimba. Umawerenga motukula mapewa ngati watulukira wekha. Mwanawe, zimenezo ife tinazidziwa aphunzitsi ako asanabadwe, ndipo sitinazione m'buku. Ife tinachita kugawana. Asekulu anu anatenga mtundu umodzi, ine mtundu winawo, kenako n'kukwatirana.

Ndiyambe ndi ine, poti ndine ndikulankhula. Ndinabadwira pa komboni yomwe ino, kuseri kwa mabalani a fodya aja agwa dengawo. Bambo anga anachokera ku Dedza wapansi, kudutsa ku Tete, atanyamula kankhwangwa ndi mbamu ya chinangwa, akuti adzangogwira ntchito nyengo ziwiri n'kubwerera. Manda awo ndi aja ali patsinde pa chulu. Inu masiku ano mukangoyenda kuchoka pamsewu kufika pano mumafika mukulira miyendo, mukufunsa ngati kulibe kombi yolowa mpaka pakhomo.

Nditakula pang'ono ananditenga kukasita zovala kunyumba yaikulu. Simbi yake sinali iyi yanu yongolumikiza kukhoma. Inali ya makala, yolemera, yoti uziipemerera ndi kuigwedeza, ndipo kaphulusa kakangogwera pa kolala yoyera, tsiku lako lonse laonongeka. Kachipinda kositirako kanagundana khoma ndi khonde pamene Misisi, mkazi wa mzungu wa pulazi, ankamwera tiyi ndi anzake. Azimayi ndi amodzi, kaya oyera kaya akuda, akakumana ndi miseche basi. Tsono iwo ankadziwa kuti kuseri kuli khutu. Akafika pa dzina la munthu, kapena pa chimene munthuyo wachita, ankatsitsa mawu mpaka kunong'ona. Timawu tating'onoti analibe nato ntchito, ankangotitaya mokweza. Ndiye chimene chinkandipeza ine kuseri kwa khoma chinali chotere: "And then the, mmm, was with the, mmm, but not in the, mmm."

Zaka ndithu ndikusita malaya ndi nyimbo imeneyo. Ndinadziwa kuti "but" amamutchula akuika kapu pansi. "If" amamutchula atatsinzina diso limodzi. "Not" amabwera ndi kupukusa mutu. Ndinadziwa pamene kalikonse kamalowera, pamene mawu amakwera ndi pamene amatsika. Koma kundifunsa kuti mphaka pa Chizungu ndi chiyani, ndinkangokuyang'anani.

Asekulu anu iwo anali ku wekishopu, kothandiza mathirakitala. Mzungu wa pulazi ino tinkamutcha Bwana Chipewa, chifukwa chipewa sichinkachoka kumutu kwake, ena ankati amasamba nacho. Munthu ameneyo sankawononga timawu tating'ono pa wantchito. Ankatisungira azungu anzake, monga mmene Misisi ankasungira makapu a maluwa. Kwa antchito zinali zongoponya: "Diesel! Spanner! Barn! Quick!" Asekulu anu ankatola zonsezo. Anatolanso zolembedwa pa matumba a feteleza ndi pa zitini za oyilo, mpaka mutu wawo unadzaza mawu olemera okhaokha, opanda kachingwe ndi kamodzi komwe komangira.

Mwina mukuti, nanga panalibe chilankhulo china? Chinalipo, Chilapalapa, chosakaniza zilankhulo zonse, chimene azungu ankatilamulira nacho. Koma chimenecho chinkayenda ngati madzi, chotsika kokhakokha. Iwe ukati udandaule nacho, Bwana Chipewa ankayang'ana kumitambo. Makutu ake ankatseguka ndi Chizungu basi.

Tsono mverani mmene anandifunsira. Linali Lamlungu masana, ndili pamjigo. Anafika atavala jekete lobwereka, manja ake olekeza m'zigongono. Anaima patsogolo panga, natsokomola, n'kuti, "Sugar." Ine duu. Iwo, "Blanket." Ine duu. Anapuma mozama n'kutulutsa lalikulu lija, "Bicycle."

Ndinatsinzina diso limodzi n'kuti, "If."

Thukuta linawatuluka pomwepo. Sanalidziwe liwu limenelo. Anaganiza kuti mwina ndawatukwana, mwina ndavomera, mwina ndatchula chinthu chodula kuposa njinga. Anabwereza, "Bicycle!" Ine ndinaika ndowa pansi n'kuti, "But." Anachoka osatsanzika. Sabata yonse anazungulira komboni kufunsa ngati alipo anaonapo "but", ndi wamkulu bwanji, amagulitsa sitolo iti. Lamlungu linalo anabweranso, nkhope itatsika, ali ndi liwu limodzi lokha. Anati, "Church." Ine ndinati, "When?" Limenelonso sanalidziwe, koma anaona mano anga ali pamtunda, n'kuthamanga kukauza amalume awo.

Titalowa m'banja, chitseko cha nyumba ino chinadyedwa ndi chiswe. Asekulu anu anati akapempha china ku ofesi, ine n'kuwaperekeza. Ndinaima kumbuyo kwawo, maso pansi. Iwo anati, "Door," n'kuima kuti apume. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Mpata uja unandiyabwa m'khutu, pakamwa panga panangotuluka, "of the." Iwo modzidzimuka, "House." Ine, "is." Iwo, "Broken."

Ananu, Bwana Chipewa anavula chipewa. Tsiku limenelo ndi pamene komboni inadziwa kuti munthuyo anali ndi dazi. Anayang'ana asekulu anu, n'kuyang'ana ine, n'kusuzumira pansi pa tebulo ngati pabisala wina. Chitseko tinapatsidwa, ndi ichi chikulira mahinjesichi.

Kuyambira pamenepo tinali ndi ntchito yachiwiri. Inu simunaone mmene tinkamangira fodya kale, musanabwere ndi timawaya tanuti. Wina ankapereka masamba, awiriawiri, wina n'kumakulunga ndi twaini pa mkangala, ndodo ija timapachika m'balani. Wopereka akafulumira, masamba amagwa. Womanga akafulumira, amamanga mphepo. Chizungu chathu chinkayenda chomwecho. Iwo aponye liwu n'kusiya mpata, ine ndilowetsepo kanga. Akathamanga ndinkawatsina kumsana. Akasowa liwu ankakanda khutu, ine n'kumazungulira pa "and then, and then" mpaka alipeze.

Komboni yonse inayamba kutibwereka. Wofuna tchuthi cha maliro, wofuna kusintha nyumba yodontha, wofuna kuchoka kodyetsa nkhumba, onse ankafika pakhomo pano ndi dzungu kapena mazira. Chaka china ndinadwala chimfine mawu n'kutsekeka, ndipo pulazi yonse inakhala sabata yathunthu yopanda Chizungu. Ukwati wa anthu ena unaimitsidwa podikira kukhosi kwanga. Tsiku limene ndinkabereka bambo anu, ndili pakati pa ululu, bambo wina anaima pazenera n'kumati, "Pepani Anabanda, ndi zadzidzidzi, tangondibwerekani kaja ka 'of the', ndikabweza madzulo." Amai Fineza, mzamba wathu wa ku Tete, anamuthira madzi a m'beseni.

Panali chimodzi chimene sindinkachikonda. Bwana Chipewa akalandira alendo ankatiitanitsa pakhonde kuti tilankhule. Tinkaima ngati ana a sukulu, ife kulankhula, iwo kuseka mpaka tiyi kutulukira m'mphuno. Asekulu anu ankaona ngati ndi ulemu. Ine ndinkabwera kunyumba mtima ukuwawa, chifukwa ndinali nditaonapo mmene ankasonyezera alendo omwewo galu wake wodziwa kupereka dzanja.

Ulemu umenewo ndi umene unawakwera kumutu. Lamlungu lina masana amuna anali pansi pa mkuyu akumwa chikokiyana, mowa uja wofulula lero n'kumwa mawa. Ine ndinkadutsa ndi mtolo wa nkhuni, bambo anu ali kumsana. Ndinamva mawu a mwamuna wanga ali pamwamba.

"Chizungu n'changa ine, amuna anzanga! Mayi aja amangowaza zinyenyeswa, zija timasesa pansi tikatha kusankha fodya. Ine ndikati sipanala, ndikuonetsani sipanala. Ndikati thirakitala, mukwerapo. Tawafunsani iwo akuonetseni 'the'. Ali ndi miyendo ingati? Mungamukazinge?"

Anthu anaseka mpaka ena kugubuduka. Ine ndinapitirira osatembenuka, koma misozi inali m'maso. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti sankanama. Ndinafika kunyumba, ndinayang'ana paliponse, panalibe chimene ndikanaloza n'kunena kuti uyu ndiye "the".

Sabata yomweyo kunamveka kuti Bwana Chipewa watenga pulazi ina ku Banket, thengo lokhalokha, ndipo akutumizako amuna okagwetsa mitengo ndi kumanga mabalani. Akazi ndi ana ayi, kulibe nyumba. Kubwerako liti, palibe ankadziwa. Kapitawo atawerenga mayina, la asekulu anu linalipo. Dzinalo ndilitchula lero lokha, andikhululukire ali apowo: Jailosi. Lole inali yonyamuka Lolemba m'mawa.

Iwo sanade nkhawa n'komwe. Anangoti, "Nabanda, Loweruka tipita ku ofesi. Mundisitire thalauza la kutchalitchi ndi jekete." Ine ndinati, "Chabwino, bambo."

Lachisanu atapita kuntchito ndinatenga lezala. Ndinakhala pakhonde pomwe pano n'kuyamba kusomola ulusi. Msoko uliwonse, wa m'miyendo, wa m'chiuno, wa m'matumba, wa m'manja a jekete, mabatani onse. Nsalu sindinaidule ngakhale pang'ono. Nditamaliza ndinakoleza simbi, ndinasita chidutswa chilichonse bwinobwino, n'kuzisanja pamkeka. Ulusi ndinaukulunga kampira n'kuuika m'thumba langa.

Loweruka m'mawa anasamba, anadzola mafuta, n'kutambasula dzanja kunyamula thalauza. Chinabwera ndi theka la mwendo umodzi. Ananyamula china, thumba lokha. China, kolala.

"Nabanda! Ichi n'chiyani?"

"Ndi zovala zanu, bambo."

"Zovala zanga zili kuti?"

"Zonse zilipo, werengani. Nsalu ndiyo chovala, mungathe kuiloza, mungathe kuigwira. Ine ndangochotsamo zinyenyeswa."

Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Akanangoti pepani pomwepo, ndikanatenga singano. Koma mwamuna ameneyu ndi nkhutukumve kuyambira kale. Anavala ovolosi yake ya girisi n'kuti, "Ndipita ndekha. Muona."

Anapitadi. Zimene zinachitika anandiuza ndi kapitawo, amene anali pakhomo pa ofesi. Asekulu anu anaima chilili n'kuyamba, "Jailosi." Anasiya mpata mwa chizolowezi, mpatawo n'kukhala wopanda kanthu. "Banket." Mpata wina. "Wife. Baby. House. Jailosi. Banket." Ankafuna kunena kuti sapita. Koma liwu lokanira linali langa, linali m'thumba limodzi ndi ulusi uja. Anafufuza m'mutu monse, anapezamo mapulawo, mabawuti, mankhwala a mbozi, koma chokanira munalibe. Anayesa kupukusa mutu, Bwana n'kuganiza kuti ndi ntchentche. Mapeto ake mzungu anadzuka, anawasisita paphewa, nauza kapitawo kuti mwa amuna onse uyu yekha ndiye wabwera kudzathokoza, ampatse bulangete lowonjezera.

Anabwera nalo bulangetelo atalikolera m'khwapa. Sanandiyang'ane n'komwe.

Lamlungu lonse tinakhala m'nyumba imodzi ngati anthu okumana pa siteshoni. Iwo anatenga twaini wa fodya ndi msomali n'kuyesa kusoka okha thalauza. Pofika masana anali atalumikiza mkono wa jekete ku chiuno cha thalauza, ndipo kutchalitchi sanapite. Ine ndinkaseka kumaso kokha. Ndinkawadziwa amuna opita kutali. Bambo anga omwe anasiya mkazi ku Dedza akuti abwera posachedwa. Ndinkachita mantha kuti mwana wanga adzakula akuloza chithunzi. Koma nkhani ya zinyenyeswa ija ikandibwerera, mtima unkaumanso gwa.

Lolemba m'mawa lole inaima pabwalo la mabalani. Amuna anakwera ndi mitolo yawo, akazi tinaima m'mbali. Bwana Chipewa anali pamasitepe a ofesi, manja m'chiuno. Dalaivala analiza injini. Asekulu anu anali kumbuyo kwenikweni, atagwira chitsulo, bulangete lija lili paphewa. Lole itayamba kusuntha, anaimirira n'kukuwa ndi mawu onse, kuloza ku ofesi koma maso ali pa ine.

"Jailosi!"

N'kusiya mpata.

Ine duu. Amai Fineza anandigunda ndi chigongono. Ine duu. Lole inafika pa thanki la madzi.

"Jailosi!" Mpata unali wautali kuposa woyamba. Munthu wamkulu, pamaso pa anzake onse aja anamwa nawo mowa, ataima ndi pakamwa potsegula kudikira zinyenyeswa. Kumeneko ndiko kunali kupepesa kwake, ndipo ndinakumva.

Ndinamanga mbereko n'kuyamba kuthamanga. "Will not!"

"Go!"

"To!"

"Banket!"

Fumbi linali m'kamwa, bambo anu akulira kumsana, nkhuku zikubalalika, patapata imodzi itatsala m'mbuyo. Ndinakuwa liwu limene ndinali ndisanalitulutsepo chilimvereni kuseri kwa khoma. "Without the!"

"Wife!"

Ndiye kuti, Jailosi sapita ku Banket popanda mkazi wake. Komboni yonse inamva, ngakhale amene sankadziwa Chizungu anamva. Bwana Chipewa anaseka mpaka kukhala pansi pamasitepe, kenako anakweza dzanja, lole n'kuima. Musaganize kuti anatimvera chisoni. Anangozindikira kuti akatumiza theka ku Banket, alendo ake adzasowa choseka. Ine zimenezo ndinalibe nazo kanthu. Mwamuna wanga anatsika, ndipo bulangete sanabweze.

Liwu loti pepani silinatuluke pakamwa pawo mpaka lero. Madzulo ake anangobwera ndi ulusi watsopano wa ku sitolo n'kuuika pamwendo panga. Ndinasoka zonse, koma mwendo wakumanzere ndinaufupikitsa dala. Anavala thalauza limenelo zaka zambiri osadandaula, anthu n'kumaganiza kuti amatsimphina.

Kenako zaka zinapita. Mapulazi anasintha manja, azungu ananyamuka, mabalani anayamba kugwa. Ife tinalibe kopita. Ku Dedza sitikudziwako njira, kuno akuti ndife obwera. Tinatsala m'nyumba muno n'kumagwira maricho, ganyu uja wa tsiku ndi tsiku, kwa eni atsopano. Iwowo timalankhula nawo Chishona, ndipo Chishona aliyense wa ife ali nacho chathunthu chakechake. Chizungu chathu tinachipachika ngati khasu lakutha. Tinkachitsitsa mwa apo ndi apo, tikafuna kukangana ana osamva, koma kukangana m'chilankhulo choti mnzako ndiye akumalizira mawu n'kovuta. Tinkathera kuseka.

Tsono dzinja lathali, monga mukudziwa, asekulu anu anagwa m'munda tikupalira. Atadzuka, dzanja lamanja linali litafa, ndipo mayina onse anali atathawa m'mutu. Onse, a Chichewa, a Chishona, a Chizungu omwe. Kapu ndi "chija". Bambo anu ndi "uja". Ine amene ndawaphikira moyo wanga wonse ndine "ujeni". Munthu amene ankanyadira kuti chilichonse angachitchule n'kuchiloza, lero amaloza koma dzina osabwera. Ndinkapita kuseri kwa nyumba kukalira kuti asandione.

Tsiku lina ndikuwapukuta kumaso, anandigwira mkono n'kuti, "The." Ndinaponya nsalu pansi. Anabwereza, "The." Kenako, "Of the. And. But." Mawu anga! Zaka zonsezi sanawagwiritsepo ntchito ndi tsiku limodzi lomwe, ankati ndi za azimayi. Kani ankawatola mwakachetechete n'kumasunga pansi penipeni, pamene matenda sanafikepo. Katundu yense anapita, chinatsala ndi ulusi.

Ndiye tinasinthana. Tsopano iwo ndiwo amayamba ndi kakang'ono n'kusiya mpata, ine ndiikepo cholemera. Ntchito imeneyi sindiidziwa, ananu. Mawu awo ndinkangowamva, sindinawasamale. Tsiku loyamba anati "to the", akutuluka thukuta, ine n'kuti "spanner". Anapukusa mutu. Ndinati "diesel". Anatseka maso. Ndinatchula wekishopu yonse, pamene munthu ankafuna kuchimbudzi. Koma pang'onopang'ono ndaphunzira. "The" wa tiyi ndi wamfupi. "The" wa bulangete amanjenjemera. "But" ndiye kuti phala lachepa shuga. Akangoti "and, and", ndiye kuti palibe chimene akufuna, akungofuna ndikhale pafupi.

Bambo anu ndi mwana wabwino, musamve ngati ndikuwanena. Akufuna bambo ake akhale pafupi ndi madokotala. Koma tandiuzani, ku Harareko akati "the" n'kusiya mpata, adzaikepo ndani? Anamwino ali ndi Chizungu chathunthu, chosoka kale, sasowa munthu. Adzangoti nkhalambayi yasokonezeka. Iwo adzadikira, adzadikira, pakamwa pali potsegula, mpaka adzasiya kuyamba n'komwe.

Tsopano ndikuuzeni chimene munaseka m'mawa. Bambo anu akutseka sutikesi iyi, asekulu anu anadzikoka pampando, nkhope itafiira, n'kuti, "Not." Anapuma. "Without." Anapumanso. "The." Kenako anandiyang'ana.

Inu munamva nkhalamba ikubwebweta. Ine ndinamva injini ya lole.

Ndipo ndinakhala duu. Inde, ine. Ndinachita manyazi pamaso pa mwana wanga. Ndinaganiza za nyumbayi, za chitseko ichi, za manda a bambo anga patsinde pa chulu. Komanso liwu lotsalalo ndi lawo, silinakhalepo m'kamwa mwanga, ndipo mkazi kudzitchula yekha choncho n'kovuta. Ndinangoweramitsa mutu, inu n'kuseka, bambo anu n'kutuluka. Taonani pamene akhalapo. Phala lija sanalikhudze. Kuyambira m'mawa maso awo sanachoke pa ine. Mpata uja sunatsekedwe, akudikirabe.

Imvani. Imeneyo si galimoto ikukhota pa mabalani? Ndi iyo. Fatsani, ndigwire dzanja ndidzuke, mawondo awa si aja anathamangitsa lole. Rudo, lowa m'nyumba, pansi pa bedi pali kathumba ka buluu, ndinamanga kale masana. Mulinso ulusi ndi singano. Usatseke chitseko, amene akuifuna nyumbayi asavutike kuthyola. Ngati m'galimotomo malo ndi a munthu mmodzi, ndikhala pansi, pa mapazi awo. Ngati bambo anu akana, aisiye sutikesiyi, tonse titsala.

Imani apa, nonse awiri, ndipo wina asaseke mpaka titamaliza. Mukatero sekani mmene mungathere.

Bambo, ndabwera. Pepani ndachedwa, si koyamba. Mwana wanu uyo akutsika. Yambaninso, ndili kumbuyo kwanu.

"Not."

Eya, pitirizani, musathamange.

"Without. The."

Wife.

Wamva, Lenadi mwanangu? Auze adalaivala azimitse injini.